Tsiku Lomwe Ndinagwira Brasília Kumchira

Amene akufuna kuseka asekeretu pompano, chifukwa ndikangoyamba sindifuna kuona mano a munthu. Makamaka inu Mai Tembo, ndakuonani mukukodola anzanu. Munali kuti inu pamene ine Kamanga ndinkaponda dothi la ku Brazil? Munali pa shifiti ku Edmonton. Ndiye khalani phee, nanunso ana a madigiri ikani mafoni m'matumba, maboti a pa Greenwich pano mudzawajambula tsiku lina.

Mwana wanga Tadala mukumudziwa. Anakwatiwa ndi Edivaldo, mnzake wa kuntchito m'sitolo ku Wembley, ndipo atakhala woyembekezera anapita kwawo kwa mwamunayo ku Brasília, likulu la dzikolo. Mayi ake anali atatisiya kale, ndiye wokadikirira akanakhala ndani? Ine. Ndinapempha tchuthi kuchipatala komwe ndakankha mabedi a odwala zaka zonsezi, n'kukwera ndege.

Abale, kukula kwa dziko lija! Tinalowa m'malire ake nditangometa kumene, tinauluka, tinauluka, pansi mitengo ndi minda yosatha, mitsinje yoti Shire wathu pafupi nayo angaoneke ngati ngalande ya kuseri kwa bafa, ndinagona, kudzuka, kudya, kugonanso, tikadali m'dziko lomwelo, ndipo potera ndevu zanga zinali zitakodwa mu lamba wa mpando mpaka wantchito wa m'ndege anachita kubwera ndi sizasi. Mukumva?

Koma chomwe chinandiumitsa pakamwa ndinachiona pawindo. Mzinda wonsewo anaumanga ngati ndege: mapiko awiri okhota, mutu uku, mchira uko, utagona pambali pa nyanja yomwe anthu anachita kupanga okha. Nditatsika ndinavula chipewa. Dothi ndi katondo weniweni ngati kwathu ku Kasungu, koma thambo lake n'lalikulu kuposa lomwe tinapatsidwa ife, moti ukayang'ana m'mwamba umagwira khoma kuopa kugweramo. Misewu yake n'njotakata, pooloka umanyamula kamba wa paulendo, ndipo mwamuna wina ndinamupeza pakati pa msewu akuphika, akuti anayamba kuoloka Lolemba. Tchalitchi chake umalowera pansi ngati mbewa, n'kutulukira m'kuwala, angelo akulendewera pamutu pako. Ine ndinagwada osauzidwa.

Inali nthawi ya chilimwe, kouma koti ukalavula malovu amafika pansi ali fumbi. Tsiku lomwe Tadala anamulowetsa m'chipinda chochirira, masana dzuwa lili pamutu, ine ndikuyendayenda panja pa chipatala, kunabwera chimphepo chotsogolera mvula yoyamba. Ndinamva pansi pakulira huu ngati sitima yathu ya pansi pa nthaka ya Jubilee ikamalowa pa siteshoni. Kenaka msewu unapendekeka, mabasi anayamba kubwerera chammbuyo, madzi a m'nyanja anakhavukira mbali imodzi nsomba zili phiriphiri pa udzu, ndipo nditaponya maso ndinaona phiko lakumwera, ndi nyumba zake zonse, ndi zovala zili pazingwe, likunyamuka pang'onopang'ono. Mzinda unkafuna kuuluka!

Eni ake ankangoyang'ana kukamwa kuli yasa. Koma ine ndine wa kuchipatala, ndikudziwa kuti mayi wotopa saloledwa kukwera ndege. Mwana wanga ali m'kati, mayi ake ndinawaika ndi manja angawa, ndiye uyunso ndimuone akupita kumitambo? Ayi ndithu.

Ndinaliyatsa liwiro lolowera kumchira, nsapato zinayaka moto, ndinadumpha misewu isanu ndi umodzi phazi limodzi, n'kufika mchirawo utakwera kale kufika pamapewa. Ndinaugwira gwa! Unandikoka, ndinaukoka, unandikwekweretsa, zidendene zanga zinalima mizere iwiri yomwe mpaka lero mukuyenda madzi, mvula inakhuthuka matalala ngati maungu, mphenzi inandimenya pamsana kawiri yachitatu n'kupepesa, koma ine osasiya, ndikufuula kuti, "Tsika! Muli mwana wanga m'menemo!"

"Awe ba Kamanga, boza yanu yakula maningi!"

Mwamva? Ndinanena kuti Mai Tembo sapirira. Amayi, mzindawo uli pansi kapena uli m'mwamba? Uli pansi. Ndiye anaugwira ndani?

Tili m'kati molimbana choncho foni inalira m'thumba. Ndinaluma mchira ndi mano, n'kuyankha. Anali mkamwini wanga, akulira, Chichewa chake chothyokathyoka chomwe anaphunzira kwa mkazi wake: "Bambo, wachira! Mwana mkazi!" Mzinda unamva nawo. Unapuma mpweya wautali, n'kukhala pansi mwakachetechete ngati nkhuku pa mazira.

Ndinabwerera kuchipatala ndili matope okhaokha, opanda nsapato. Anandisambitsa m'manja, n'kundilowetsa. Tadala anali gone, wotopa, akumwetulira ndendende mmene ankamwetulira mayi ake. "Ababa, tamulandirani mdzukulu wanu."

Apa ndiye ndikuuzeni zomwe sindinauzepo munthu. Ine Kamanga, amene ndinagwira likulu la dziko ndi mano, atandiika kanthu kaja m'manja, kofewa, kofunda, ndinayamba kuona chizungulire. Nesi anachita kundilanda mwana, n'kundikhazika pa njinga ya odwala, ndipo anandikankha mpaka panja kuti ndikapitidwe mphepo.