Mchere Pakhomo pa Noora

Mpaka lero mphaka akalira m'nyumba ya ku Nuaija, kuno kudziko la eni, imene ndimagwiramo ntchito, ndimayang'ana pansi ndi manyazi.

Linali Lachisanu masana, dzuwa likuswa mtengo, ine ndikusita zovala pabalaza. Ana a Madamu, Noora ndi mng'ono wake Hessa, ankaonera filimu ya ku Canada. Ndinati ndingosuzumira pang'ono. Masamba ofiira akuyoyoka, nkhungu ili tolo pamsewu, atsikana awiri apachibale akuyenda limodzi. Mtima wanga unauluka mpaka ku Dedza, mwezi wa Juni, ine ndi mng'ono wanga tikupita kusukulu manja ali m'khwapa. Kenaka mufilimu muja wamkuluyo analumidwa ndi chilombo, nayamba kumera ubweya, mchira womwe. Akuti akusanduka mmbulu. (Anawo ankaseka. Ine ayi, chifukwa kwathu kunali bambo wina amene aliyense ankadziwa kuti amasanduka fisi.)

Sabata yonse yotsatira ndinkayenda ngati ndili m'maloto. Lolemba ndinapeza ubweya wotuwa papilo ya Noora. Mawa lake ndinaona mkono wake uli wokandikakandika. Lachitatu ndinamupeza akutapa nyama yaiwisi mufiriji, Hessa akumulondera pakhomo. Noora ameneyu ndimamukonda, tsitsi lake ndakhala ndikulipesa kuyambira ali wamng'ono. Ndinalira.

Ndinaimbira Esnati, mnzanga wakwathu amene amagwira ntchito ku Al Hilal.

"Wallah, ndikulumbira chemwali, apa si poyenera ku-delay," anatero. "Thirani mchere pakhomo pake. Mfiti siidumpha mchere, ngakhale ya ku Canada."

Ndinathira paketi yonse, pakhomo ndi pawindo pomwe. Madamu anandipeza ndili chigwadire, ndikupemphera.

"Ichi n'chiyani?"

"Madamu, mwana wanu akusanduka fisi."

Anatsegula chitseko. Pabedi panali Noora ndi Hessa, pakati pawo kamphaka kotuwa kamene anakatola mumsewu n'kukabisa, poti mayi awo sankalola ziweto. Kanatsika, n'kudumpha mchere wanga bwinobwino.

Madamu anaseka mpaka kukhala pansi. Noora sanaseke.

"Anti, bwanji simunandifunse ineyo?"

Mawu amenewo anandilasa kuposa kuseka kuja.

Kamphakako anakalola kukhala, ndipo anakatcha Fisi. Wowola zonyansa zake ndine. Noora anayambanso kundipatsa tsitsi kuti ndipese patapita mwezi, ndipo ndinaphunzira kufunsa kaye. Koma Fisi akandiyang'anitsitsa ndikusita, dzanja langa limapita lokha m'thumba la epuloni, mmene ndimasungabe kamchere.