Waya Aliyense ndi Tubu Yake

Lolemba
Ntchito ndaipeza! Patarau, bwana mwini sitolo ya kumtunda kwa Domwe, wagula chigayo cha magetsi, akufuna munthu wokoka mawaya atatu kuchokera ku injini mpaka kuchigayo. Ndamuuza kuti ku Joni ndinkagwira za magetsi. Kunena zoona ndinkanyamulira amisiri makwerero, koma maso ndinali nawo. Akangolemba m'kadeneta yanga, kabuku ka boma kaja, kuti ndili pantchito, asipayo ogwira anthu a chibalo andidumpha chaka chino.

Lachiwiri
Mmisiri wa ku Tete amene anaika injini anasiya kapepala: mawaya onse atatu alowe mu tubu imodzi. Imodzi! Bambo anga anali ndi akazi atatu, aliyense nyumba yake, nkhokwe yake, komabe ankamenyana. Nanga mawaya amoto, khungu ndi khungu? Toto. Ndaitanitsa:
matubu achitsulo atatu
piki
makasu awiri
Kapepala kaja ndapichiramo fodya.

Lachitatu
Ngalande zitatu zowongoka bwino, waya aliyense kwake. Opita kumsika akuima kuonerera. Alamu anga akuti, "Amisiri, nzeru zonsezi munkabisa kuti?" Sindikuwatsutsa.

Lachinayi
Chigayo chalira! Ufa uli mbee. Koma pamene matubu atulukira pansi pakufunda. Kuzizira konseku, nkhuku za patarau zagona pomwepo, amayi a pamzere akuwotha mapazi. Wina akuti, "Chigayo chaulemu ichi, chabwera ndi mbaula yake." Ndikuseka nawo, mtima uli m'mwamba.

Lachisanu
Matubu aja sakugwirika. Ndikalavulira akuchita tswee. Ndayesa:
madzi
masaka onyowa
kuwatalikitsanso (zanyanya!)
kupemphera korona yonse
Patarau akununkhiza. "Chikupsa n'chiyani?" Ndati zatsopano zimanunkha choncho. Masana phuu! Utsi wa mphira, chigayo zii. Amayi asenza chimanga chawo kubwerera, ena ochokera ku Kalomwe wapansi.

Loweruka
Wa ku Tete wafika pa lole. Akuti mawaya atatuwa akagona pamodzi mphamvu zawo zimathetsana, koma waya akakhala yekha m'chitsulo, chitsulocho chimatentha. Ndi lamulo, lili m'buku. "Kapepala kanga munakaona, abale?" Ndayang'ana pansi. Sanakalipe n'komwe, ndipo zimenezo ndizo zandipweteka. Patarau wandiponyera kadeneta yanga, mulibe cholembedwa.

Lamulungu
Ku misa sindinapite, manyazi. Sipayo wandipeza pakhonde: mawa m'mawa, kukalambula msewu wa ku Tete, miyezi isanu ndi umodzi. Kachewere wanga watsala pang'ono kukhwima. Akumba ndi mayi a kunyumba okha, mwana ali kumsana, chifukwa cha ine ndi nzeru zanga za makwerero. Ndikudandaula, koma ndidandaulira yani? Mayiwo ndawauza. Sanalire, angofunsa kuti nditenga bulangeti liti.

Nditenga lakale.