Chikudya Batire n'Chiyani

Lolemba

Kiyi ndapotoza. Tche. Ndapotozanso. Tche. Batire la lole lafanso, monga linachitira sabata yatha.

Kukankha ndiye kumeneko. Komboni yathu ya Kanyama Mulungu anaipatsa miyala yokhayokha, malo otsetsereka anaiwala. Okankha: aneba atatu ndi amake Chisomo, mkazi wanga, chitenje atamangira m'chiuno. Injini yalira titafika kale pafupi ndi msika.

Mchenga ndaufikitsa mochedwa. Bwana Siame, eni lole, andiima pamaso pa anthu omanga: "Ba draiva, mvelani. Pa Sondo kuseni nizabwela neka, tili na mipando ya chalichi yopeleka ku Kabanana. Motoka ikalila na kiki imozi, nchito ni yanu. Ikakana, makiyi mupase mwana wa sisita wanga, ali chabe panyumba na laisensi."

Mlandu wanga ndiye uli Lamulungu m'mawa. Masiku ano ntchito ikachoka m'manja sibwerera. Mantha ndili nawo, sindibisa.

Oganiziridwa:
batire lakalamba
altaneta, yomwe imadzaza batire injini ikamayenda
waya wosupuka wokhudza chitsulo
nsanje ya aneba

Pofika Lachinayi wakubayo ndikhala nditamugwira.

Lachiwiri

Tche. Okankha atsala awiri.

Madzulo ndikutsuka mitu ya batire ndi madzi otentha a soda, kupala, kupaka girizi. Ikuwala kuposa mano anga.

Magetsi azima ngati mwa masiku onse. Masiku ano amabwera kudzapereka moni basi. Kuzizira kwa Juni kukulowa mpaka m'mafupa.

Chabwino pakhomo pano n'chimodzi: anapiye a amake Chisomo. Anagulitsa makina awo osokera n'kugula katoni ya anapiye oyera, akuti "ngati nchito yanu yasila, tizadya chani?" Ali m'kakhumbi kuseri kwa nyumba, kumene ine sindiloledwa kulowa chifukwa nsapato zanga akuti zimanyamula matenda. Anapiye a bana Mwape, mayi woyandikana nafe, onse anafa. Ena ndi kuzizira, otsalawo ndi utsi wa mbaula imene anawaikira. Athu ali gwa. Mkazi wanga ali ndi dzanja.

Andifunsanso pa chakudya: "Batate bake Chisomo, ladzala bwino batire lelo?" Zandikhudza. Kale sankafunsa za lole.

Lachitatu

Tche. Wokankha mmodzi, ndipo wakankha ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba.

Ndapita kwa ba Mulenga, a zamagetsi a m'galimoto, amene anabwera kuchokera ku Kopala migodi itawataya. Ali ndi kajenereta kodzazira mabatire. Ayeza altaneta, ili bwino. Ndikawafotokozera kuti batire limagona lodzaza n'kudzuka lakufa, akuyang'ana kumwamba, kenako pansi, kenako akufunafuna sipanala imene ili m'manja mwawo.

"Vimachitika, ba draiva. Mphepo ya Juni imadya batire. Olo mwina lakota, lakalamba chabe."

Ndawasiyira wailesi yanga ya m'nyumba, andipatsa batire lina, logwirapo kale ntchito koma lamphamvu. Lakale la bwana ndaliika kuseri kwa mpando. Panyumba tsopano palibe nyimbo, palibe nkhani, palibe mpira. Palibe kanthu, ntchito ikhalapo.

Amake Chisomo alisisita batire latsopanolo ngati mwana wobadwa kumene.

Lachinayi

Tche.

Latsopano lomwe. Ndakhala pa chiwongolero kwa kanthawi, mutu uli pa manja.

Aneba akangomva tche, zitseko zikutsekeka. Andikankha ndi amayi a pampopi, posinthana ndi kuwanyamulira zigubu mpaka kunyumba zawo, aliyense pakhomo pake.

Madzulo ndikuchita zimene ndinaphunzira kale kugalaja. Kumasula waya wa mutu umodzi wa batire, kuika kababu pakati. Kiyi ali m'thumba, kababu kakayaka ndiye kuti pali chimene chikuba moto. Sikakuyaka. Ngakhale pang'ono.

Ndazulabe zonse zimene ndikuzikayikira:
wailesi ya m'lole
nyali ya m'kati
hutala
fyuzi ya mawaipa, mvula ili kutali

Lole tsopano ndi losalankhula ndiponso losamva. Bana Mwape abwera ndi kabotolo ka mafuta a kutchalitchi kwawo, adzoza boneti, adzudzula mzimu wobwezera m'mbuyo. Ndavomera ameni. Pamene ndafikapa sindikana chilichonse.

Anapiye akulira mosangalala kuseri. Pakhomo pano ndi iwo okha amene sabata ikuwayendera.

Lachisanu

Tche, wodzozedwa.

Mabuloko a ku Chilenje anyamula ena. Bwana sanakalipe, ndipo ndi zimene zandiopsa kwambiri. Angotumiza mphwawo, mwana wa mlongo wawo uja, kuti "aoneko chabe". Wakwera, wakhala pampando wanga, wausuntha kutsogolo, wakonza galasi kuti ligwirizane ndi msinkhu wake. Ndamuyang'ana. Wandimwetulira.

Nzeru yomaliza: batire ligone m'nyumba. Likadzuka lamoyo, wakuba ali m'lole. Likadzuka lakufa, ndipita kwa bana Mwape andidzoze ineyo.

Ndalimasula dzuwa likulowa, ndaliika pansi pa bedi, mbali yanga. Amake Chisomo aima pakhomo ndi mbale m'manja.

"Muchose batire? Lelo? Na mphepo yamene iyi?"

Ndawafotokozera za sayansi. Sanadye. Magetsi anapita masana, sanabwerere. Mphepo ikuomba malata.

Loweruka

Kiki imodzi! Injini yalira, utsi tolo, aneba atsegula mawindo.

Ndathamangira kuseri kukawauza amake Chisomo, nsapato ndi matenda ake omwe. Ndawapeza atagwada, akutola anapiye akufa n'kumaika m'beseni losambira. Beseni latsala pang'ono kudzaza. Amoyo aunjikana pakona, akunjenjemera.

Pamwamba pa katoni pakulendewera mababu awiri a nyali zakutsogolo za galimoto. Waya wautali wokulungidwa bwino pamsomali, kumapeto kwake zopanira ziwiri, chofiira ndi chakuda. Kamangidwe ka tepiyo ndikukadziwa. Ndi ka ba Mulenga.

Amake Chisomo sanadzuke, sanandiyang'ane. "Nenze kufaka mawaya ku batire mukagona, nachosa mukalibe kuuka. Malasha yadula, malaiti kulibe. Ba Mulenga banakamba ati tumababu tubili situngasilize batire ya motoka ikulu. Pamene ba bosi banakamba va Sondo, ninayopa kukuuzani."

Ndimafuna kukalipa. Mawu ndinali nawo, a sabata yonse, ndi ena a wailesi yanga. Koma munthu ukalipira bwanji mkazi amene wanyamula makina ake osokera m'beseni? Ndakumba dzenje kuseri kwa chimbudzi, pakati pa miyala. Takwirira.

Ntchito ndagwira tsiku lonse, batire ladzaza. Wakuba wapezeka, lole ndi langwiro, mawa bwana abwere aone. Chofunika n'chimodzi: batire ligonenso pansi pa bedi.

Madzulo magetsi kulibe. Kuzizira kuposa dzulo. Ndamasula batire, ndalinyamula, ndafika pakhomo la nyumba. Kuseri kukumveka kulira kwa otsala aja, kofooka. Amake Chisomo sanapemphe kanthu, angokhala pa mpando wa thabwa manja ali m'chitenje.

Ndalambalala chitseko, ndapita nalo kukakhumbi. Ndapana ndekha, chofiira uku, chakuda uku. Ndati pang'ono pokha, angofundako. Mababu ayaka, anapiye achoka pakona, atambasula timapiko, ena agona chafufumimba pansi pa kuwalako. Ndapita kawiri kukachotsa. Kawiri konse ndabwerako chimanjamanja.

Lamulungu

Ndalibwezera m'lole m'mamawa, ndikupemphera pang'ono. Bwana afika atavala suti, mphwawo ali pambuyo.

Tche.

"Ba draiva, nayesa," atero bwana, dzanja atatambasula. Makiyi ndapereka. Za anapiye sindinanene, ndi za pakhomo panga. Ndangoti batire ili ndi langa, ndinagula ndi wailesi yanga. Ndalimasula, ndawaikira lawo lakale lija.

Aneba atuluka onse kudzakankha, ngakhale wa dzanja m'thumba uja. Lero wakankha ndi awiri. Lole lalirira pafupi ndi msika. Mphwawo wafuna kutsanzika ndi hutala, hutala palibe. Adzaifufuza yekha.

Kutchalitchi sitinapite. Ndaika batire pa wilibala, ulendo kwa ba Mulenga. Atandiona patali alowa kuseri kwa jenereta. Adzaza osandilipiritsa, osandiyang'ananso. Wailesi yanga ili pashelefu pawo, ikuimba nyimbo za Mulungu.

Pobwerera wilibala ikugunda miyala yonse ya Kanyama, mikono ikuwawa. Mtima ukuwawa kuposa mikono. Amake Chisomo andichingamira pampanda, agwira chogwirira chimodzi, takankha tonse mpaka kuseri.

Otsala aja akudya. Amake Chisomo akuti afunika kufunda sabata zina ziwiri, ndiye batire lizipita kwa ba Mulenga m'mawa uliwonse. Woyendetsa ndine.