Mayi Amene Ndinamupha ndi Rimoti

Nkhani iyi ndinkafuna idzalowe nane m'manda. Koma poti pa Bolero ponse akuikamba kale, ena akuithira mchere wawo, bola muimve kwa mwini manyazi.

Ine ndine Bizaliyele, kwathu ku Dowa. Ndinabwera ku Nkhamanga kudzalima fodya wa eni ake, kenako ndinapeza ntchito yoima pakhomo pa vidiyo shoo. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Mayeso ndinawaona, iwonso anandiona, tinagwirizana kusiyana mwamtendere. Koma za mafilimu musandiyese. Ndikangoona chikuto ndimadziwa amene afe, amene abwezere, ndi amene atsale ndi mkazi.

Tsoka langa ndi lakuti ndinakwatira kwa ophunzira. Apongozi anga, a Mhango, anali ahedi pa sukulu ya mishoni mpaka kupuma, ndiponso ndi mkulu wa mpingo. Ana awo ndi manesi ndi aphunzitsi okhaokha. Ngakhale galu wa pakhomopo amakununkhiza ngati akufuna satifiketi. Mkazi wanga Lusungu yekha ndi amene anaona chinachake mwa ine, ndipo mpaka lero abale ake akufufuza kuti chinali chiyani.

Chaka chatha apongozi aakazi, NyaKumwenda, anatisiya. Anadwala nthawi yaitali, ndipo anamwalirira pabedi lawo m'nyumba momwemo, a Mhango atawagwira dzanja.

Kuyambira pamenepo mdala uja anazima. Munthu amene kuseka kwake kunkathamangitsa nkhuku pakhonde anangokhala pampando, mawindo otseka, Baibulo lili pamwendo losatsegula. Kutchalitchi analeka. Chakudya chinkabwerera mmene chapitira. Akuluakulu a mpingo ankabwera, kupemphera, kuimba, iwo n'kungoti "Yewo," basi. Lusungu tsiku lina anandiuza akupukuta m'maso kuti, "Adada akulondola amama. Ndikuona ndi maso anga."

Ndiye mlamu wanga Tiwonge, nesi wa ku Mzuzu, anatumiza kafulashi kudzera kwa kondakitala wa minibasi, n'kundiimbira foni.

"Alamu, paja inu ndinu katswiri wa mafilimu?"

"Mwafika pa ofesi yeniyeni," ndinatero.

"Mmenemo muli filimu yoseketsa chomene. Ine ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka. Yambani mwaionera nokha. Mukaona kuti ndi yoyenera, muwaonetse adada. Mwina angaseke, olo pang'ono."

Abale anga, chikwatirire m'banja limenelo, aka kanali koyamba kundifunsa nzeru. Kale ankandiitana pakakhala mbuzi yofuna kusenda basi. Tsiku limenelo ndinayenda pamsika ngati DC.

M'mawa mwake ndinaibaya fulashi ija pa TV ya ku shoo, makasitomala asanabwere. Chizungu chake chinali chothamanga ngati chimanga pachiwaya, sindinatolepo kanthu. Koma katswiri saonera ndi makutu.

Panaoneka mayi ali gone pabedi, akupuma movutika. Mwamuna wake atagwada pambali, misozi ili chuchuchu. Ndinati eya, filimu yaulemu.

Mwadzidzidzi kunatulukira chimunthu chonenepa chovala kapusi, n'kukuwa kuti, "Cut!"

Kenako ndinaona zimene maso a kasitomala sayenera kuona. Makamera. Zingwe pansi ngati mpesa wa maungu. Mnyamata wina atanyamula ndodo yaitali, kunsonga kwake kuli chinthu chaubweya ngati khoswe wakufa. Anthu akungodutsa ndi makapu a tiyi m'chipinda cha wodwala!

Ndinagwira pakamwa. "Amubera Tiwonge!"

Pajatu filimu ili ngati chimanga. Akaikonola amayenera kuipeta, gaga apite uko, mphale itsale. Apa zinali zoonekeratu kuti akuba anaiba filimuyi isanapetedwe. Nesi wathunthu, wa dipuloma, kumugulitsa gaga!

Ndikanamuimbira kumuuza, koma ndinamumvera chisoni. Ndinati ndiipeta ndekha. Chimunthu cha kapusi chikangotulukira, ine dinani rimoti, kuthamangitsa mpaka filimu yeniyeni ibwerere. Sindinaimalize n'komwe, chifukwa anyamata anayamba kugogoda chitseko kufuna ya karate. Ndinati zoseketsazo ndikazipeza kutsogolo pamodzi ndi adada.

Linali Lachinayi masana, mwezi wa mvula. Kumwamba kunali bii, mapiri osaoneka. Lusungu anali atapita kuchigayo. Ndinayala TV patebulo la apongozi, n'kukakhala pansi pafupi ndi chitseko, chammbali, monga mkamwini wa mwambo. Kuno amati mkweni.

"Adada, Tiwonge watumiza kafilimu."

"Yewo," anatero, osatembenuka n'komwe.

Itangoyamba, mvula inagwa. Malata aja anachita phokoso ngati ng'oma za Vimbuza, moti Chizungu chonse chinamira. A Mhango, amene akanamva liwu lililonse, anatsala ndi zithunzi zokha ndi ine.

Mayi uja anapuma, anapuma, n'kutembenuza mutu. Wapita. Mwamuna anagwa pachifuwa chake. Kapusi itangoonekera pakona, ine dinu! Zithunzi zinathamanga. Nditasiya, mayi yemwe uja anali pabedi lomwe lija, akupumanso movutika.

A Mhango anakonza magalasi.

"A mkweni, mayiyu sanamwalire kale?"

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanati sindikudziwa. Koma pakamwa panga sipadikira mutu.

"Ayi adada, uja anali mkulu wake. Uyu ndi mng'ono. Ndi mapasa."

"Bedi lomwelo?"

"Ndi osauka, adada."

"Mwamunanso yemweyo?"

"Anamupatsa mng'onoyo ngati mbirigha, adada, mkazi wamphatso uja wochokera kwa apongozi. Anali mkamwini wabwino. Azungu nawonso amapereka."

Anangoti, "Hmm."

Mng'ono uja sanachedwe, nayenso anatsamira mkono. Kapusi, dinu! Ndikusiya, mayi ali pabedi. Ulendo uno panabweranso m'busa ndi buku lake.

"Nanga uyu?"

"Msuweni wawo, adada. Banja limeneli magazi ake ndi amphamvu, nkhope imodzi mudzi wonse."

"Matenda anji otha banja chonchi?"

"Madokotala akufufuzabe."

Ndinathamangitsa kwambiri kufuna zoseketsa zija. Paliponse pamene ndaima, maliro. Apa akutseka maso a mayi. Apo anyamula bokosi. Ndikadina pang'ono, mayi wabwereranso pabedi kudzayambiranso kufa. Chimunthu cha kapusi chinkatuluka pafupipafupi ngati mbewa ya m'nkhokwe, ine n'kumachithamangitsa.

"Tiwonge anati chiyani za filimuyi?" anafunsa mdala.

"Anati ndi yoseketsa, adada."

"Yoseketsa."

"Nthabwala za azungu zili ngati nyama ya pa ukwati, adada. Imakhala pansi pa mpunga. Tikumbe pang'ono."

Ndinaba kuwayang'ana, zimene mkweni sayenera kuchita. Anali atavula magalasi. Misozi inkatsika mwakachetechete, kudutsa m'makwinya, kugwera pachikuto cha Baibulo.

"Apongozi anu anagona chonchi," anatero motsitsa. "Dzanja limodzi kunja kwa bulangete. Ndinkalibweza mkati, iwo n'kulitulutsanso. Ankati akufuna ndilipeze msanga."

Abale, ndinalakalaka nthaka ya Nkhamanga itang'ambika ndilowe. Anandituma kukatsitsa munthu pamtengo wa chisoni, ine ndafika ndi makwerero n'kumukweza nthambi ya pamwamba. Kuzimitsa TV sindikanatha, chifukwa ndikanawasiya ndi maliro atatu opanda chitonthozo. Kupitiriza kunali kuwonjezera achinayi. Ndinayamba kupemphera chamumtima, theka Chichewa theka Chitumbuka, kuti amene amve msanga ayankhe.

Mayi uja anafanso. Kapusi inatulukira. Ndinadina.

Palibe.

Ndinadinanso. Ndinamenya rimoti pabondo. Ndinatulutsa mabatire, kuwaluma, kuwapukuta m'khwapa, kuwabwezera. Zii! Ndipo ngati kumwamba kunapangana ndi rimoti, mvula nayo inangoti phwa, kusiya. Chizungu chonse chinamveka bwinobwino m'nyumbamo.

"Cut! Cut! Cut!"

Ndinaiwala mwambo. Ndinadumpha kuchoka pachitseko paja, n'kukaima kutsogolo kwa TV, manja tambasu ngati goloyi.

"Musaone adada! Apa ndi powonongeka! Ndi gaga ameneyu!"

"Chokani, a mkweni."

"Adada, akuba anaiba isanapetedwe..."

"Sit down!"

Limenelo linali liwu la ahedi, limene linasowa chichokereni maliro. Miyendo yanga inamvera ndisanaiuze. Ndinapezeka ndakhala pansi, manja pamwendo, ngati wa Sitandade 1.

Ndipo tonse awiri tinaona malemu akudzuka.

Anadzuka bwinobwino, kukanda m'mutu, kupisa dzanja pansi pa pilo n'kutulutsa nthochi. Akusenda, anatembenukira mwamuna wolira uja n'kumuwaza khofi. Anamulanda kampango kopukutira misozi, kukakutumula, ndipo munagwa chibanthu cha anyezi. M'busa anali atatsamira bokosi akuyankha foni. Chimunthu cha kapusi chinkalalatira aliyense, mpaka khoswe wa pandodo uja anachigwera pamutu.

A Mhango anavalanso magalasi, n'kusendeza mpando kutsogolo. Anamvetsera kanthawi. Kenako anatembenukira kwa ine pang'onopang'ono.

"A mkweni, mukudziwa kuti filimuyi ikukamba chiyani?"

"Za banja limene likutha, adada."

"Palibe banja likutha apa. Awa ndi anthu akuyesa kujambula filimu yachisoni, koma zikuwakanika. Mayiyu akudandaula kuti wafa kuyambira m'mawa osapatsidwa chakudya. Wa kapusiyu ndi bwana wawo, ndipo sadziwa chimene akuchita. Akuseka anthu opanga mafilimu. Zimene mumathamangitsa zija, filimu yake ndi imeneyo."

"Zonse zija, adada?"

"Zonse. Mwataya ufa, mwandiphikira gaga."

Madzi okha ankadontha kuchokera padenga kugwera m'ndowa.

Kenako ndinamva kaphokoso, ngati munthu watsamwa fupa la usipa. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinati basi, ndapha wachisanu, ndipo uyu ndi weniweni. Ndinathamangira kapu ya madzi.

"Mbirigha!" anakuwa mdala. "Akuti azungu amapereka mbirigha!"

Kunali kuseka. Kunatuluka mwadzimbiri, ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegula, kenako kunabwera konse. Baibulo linatsetsereka, analigwira ndi dzanja limodzi, linalo akumenya patebulo.

"Mapasa! Msuweni! Madokotala akufufuzabe! A mkweni, ndiuzeni, uyu akudya nthochiyu ndi uti? Wamkulu kapena wamng'ono?"

Nthawi imeneyo Lusungu anali akufika kuchokera kuchigayo. Atamva phokoso m'nyumba ya bambo ake, anaponya thumba la ufa m'matope n'kulowa akulira, "Adada ŵane!" Amayi awiri oyandikana nafe anamutsatira atamanga kale zitenje za pamaliro. Anapeza mdala akupukuta misozi ya mitundu iwiri, ine nditaima ndi kapu ya madzi ngati chipilala.

"Tsegulani mawindo," anatero a Mhango. "Khalani pansi nonse. A mkweni, ibwezeni poyambira. Koma rimotiyo mupatseni Lusungu."

Tinaionera yonse. Penapake ankaseka, penapake ankangoyang'ana mpando wopanda munthu umene unali pambali pawo. Itatha anati, "NyaKumwenda akanaseka mpaka kugwa. Osati filimuyi. Inuyo." Madzulo amenewo anadya, n'kupemphanso ndiwo zina.

Sindinganame kuti chisoni chinatha. Masiku ena amakhalabe chete, mawindo otseka. Koma Lamlungu lotsatira anavala jekete n'kupita kutchalitchi. Ine ndinkayesa apita kukathokoza Mulungu. Anthu akutuluka, ndinawapeza pansi pa mtengo atazunguliridwa ndi akuluakulu a mpingo, manja tambasu, akuonetsa mmene ndinatchingira TV. Pofika Lolemba nkhani inali itafika ku Henga. Lero ndikamadutsa pamsika, mavenda amandifunsa kuti, "A Biza, msuweni uja ali bwanji? Madokotala apeza chiyani?"

Tiwonge anaimba foni madzulo a Lamlungu lomwelo, Lusungu n'kuika pa laudi kuti tonse timve.

"Adada, mwaiona filimu ija? Ndi yoyenera kuonera?"

"Filimuyo ndi yapakatikati, mwana wanga," anatero a Mhango. "Ukaionera wekha ungoseka pang'ono. Koma ukadzabwera pa holide, udzaonere mlamu wakoyu. Ameneyu ndiye ndingamuonere kawiri."

Phunziro ndi lakuti usanapete za eni ake, yamba wafunsa kuti gaga ndi uti, chifukwa mwina gagayo ndiwe.