Maso a Alamu Pakhoma

Ndikulemba izi osadziwa ngati ndiseke kapena ndichite manyazi. Nyemba zina zikadali pansi pa kabati mpaka pano.

Apulofesolo athu a zojambula ku Ulongwe anatiuza kuti aliyense ajambule nkhope ya munthu wamoyo, atakhala naye maso ndi maso. Anati safuna nkhope youma ngati ya pa biyeti, chiphaso cha boma chija, akufuna nkhope yolankhula, ndipo zokongola zidzapachikidwa pa chionetsero. Mtima wanga unadumpha! Koma ine kuyang'ana munthu m'maso ndi nkhondo (ngakhale wogulitsa mapawu, timabuledi tija, ndimamulankhula ndikuyang'ana dengu lake).

Ndiye ndinapempha alamu anga a Jeremiyasi, amuna a akulu anga a Rozita, amene akukhala chikamwini pakhomo pathu. Alamu sitiopana, timanyozana tsiku lililonse. Anakhala pa thumba la mbatatesi nkundiuza kuti ndisawadule ndevu, ndi chuma chawo chokhacho. Ndinawapempha atong'ole maso monga amachitira akamakangana ndi ogula ku Domwe. Ndinajambula ndi khala, ndipo abale, nkhope inalankhuladi! Maso aja ankakutsata kulikonse.

Khala limafufutika ukalikhudza, choncho ndinapachika pepalalo pakhoma m'nyumba ya amayi, moyang'ana pakhomo. Ndinaiwala chinthu chimene mwana aliyense kwathu amadziwa: amayi ndi mkamwini wawo sayang'anana. Akakumana panjira, wina amapatukira m'tchire.

Amayi analowa ndi lichero la nyemba, kuchokera padzuwa kulowa mumdima. Anangokumana ndi maso aja. Lichero pansi! Anagwada, nkutembenukira kukhoma, kapulana, chitenje chawo chija, atakokera kumaso.

"Pepani apongozi, sindinadziwe kuti muli muno."

Ine ndinangoima pakona nkumaonerera. Amayi anapitiriza kupereka moni, kufunsa za kumunda, za chifuwa cha mwana wawo. Khoma lili chete. Anayamba kudandaula chapansipansi kuti kaya awalakwira chiyani.

Nthawi yomweyo alamu enieni anafika pakhomo, khasu paphewa, akuimba mluzu, kudzaona chithunzi chawo. Amayi anatembenuka: mkamwini kutsogolo, mkamwini kumbuyo! Anakuwa. Alamu anataya khasu nkuthawira m'khola la mbuzi (mbuzi zinatuluka, iwo anatsala).

Zitadziwika, amayi anagamula kuti pepalalo liwotchedwe, chifukwa lawaonetsa zosayenera kuona. A Rozita anayesa kundipepesera, koma ankalephera kumaliza mawu ndi phwete. Ine ndinalira. Pepala lalikulu linali lokhalo, ndipo sindinajambulepo chinthu chamoyo chotero.

Amayi analitenga okha nkupita nalo kuseri kwa nkhokwe, machesi ali m'manja. Ndinawatsata mwakachetechete kuti ndikaone utsi wake. Utsi panalibe. Anali atakhala pansi, pepala pamiyendo, akuliyang'anitsitsa, chala chikuyenda m'mwamba mwa mphuno osalikhudza.

"Kani ali ndi mpata m'mano?" anatero osandicheukira. "Zaka zonsezi ine ndimangodziwa zidendene zawo."

Ndinati inde, ndipo akaseka amatsinzina diso limodzi. Amayi anamwetulira, nati Rozita anasankha bwino ndithu. Kenako anandipatsa pepala lija chozondotsa.

"Tenga, lichoke pano lero. Koma uchepetse makutuwo, a ku Ulongwe angati tinapereka mwana kwa mleme."

Makutu sindinachepetse (ndi awo enieni, ndilibe mlandu). Chithunzi chili pa chionetsero tsopano, ndipo apulofesolo anaima patsogolo pake nthawi yaitali.

Ndinalumbira kuti za apongozi sindidzazijambulanso. Koma dzulo, ndikutola nyemba, alamu anandinong'oneza kuti nawonso sadziwa nkhope ya mayi amene anawaberekera mkazi.

Khala ndasongola kale.