Pemphero la Chilatini la Fabiano

Lolemba
Ine ndikunena, mwana wanga Agnesi akulemba. Usasinthe mawu, iwe. Fabiano wabwera kutchuthi kuchokera ku seminale. Lamulungu akhristu a mphakati wathu akumana pakhomo pano, ndipo iye apemphera m'Chilatini. Amake Joji amve. Joji wawo wapolisiyo ali ndi njinga yamoto chabe; wanga amalankhula ngati Papa.

Lachiwiri
Ndauza dera lathu lonse la Nkhulambe. Zofunika: tambala wofiira uja, mpunga, mabenchi akutchalitchi. Nandolo ndikuthyola ndekha. Fabiano ndamuletsa, manja a wansembe sagwira dengu. Msana ukuwawa.

Lachitatu
Ali pansi pa mtengo wa mango, akubwereza: amaverim, amaveris, amaverit. Wamulembera Agnesi kuti tisalakwitse. Kukoma kwake! Ndikufunsa ngati ndi Atate Athu. Akuti ayi, ndi phunziro, perfect subjunctive, lonenera zakale zimene sukuzitsimikiza. Akuti umatenga tsinde la mawu n'kulumikiza erim. Ine tsinde ndimadziwa la chinangwa.

Lachinayi
Zaululika. Mayeso a zimenezi analephera, ndipo akalepheranso amubweza. Nanga pemphero la Chilatini? Akuti sanafikepo, kumeneko amapemphera ngati ife tomwe. Zaka zonsezi ine kudya makaka kuti iye aphunzire!

Lachisanu
Ndikuti anene zomwe akubwerezazo, adziwe ndani? Akuti: "Amayi, kumeneko n'kunamiza Mulungu." Ndikuti Mulungu Chilatini amachidziwa kale, amene sachidziwa ndi amake Joji. Wakana chakudya.

Loweruka
Tambala waphedwa. Amake Joji pamjigo: "Tibwera ndi Joji yemwe, adzajambule pafoni." Ndakhala pakhomo pa chipinda cha Fabiano, kulira, kutchula malemu bambo ake, mpaka wavomera.

Lamulungu
Anthu agwada. Fabiano maso pansi, kuyambira amaverim mpaka amaverint, kawiri konse. Onse: Ameni. Amake Joji misozi mbwee, akupempha akapempherere mwendo wa amuna awo. Joji wasangalala, akuti kanema watumiza kale pagulu la parishi, momwe mulinso ansembe amene amaphunzitsa Fabiano Chilatini.

Fabiano akulongedza chikwama. Tambala sanamulawe. Akuti Khirisimasi akadyera kwa mnzake.

Ndapambana amake Joji. Lemba choncho, Agnesi, usandiyang'ane. Mawa tikathyole nandolo.