A Kaitano Oyeza Mafuta ndi Dzuwa

Kwa Maseya konse kunalibe munthu wina woyeza mafuta ndi diso kupatula apongozi anga, a Kaitano. Ankathira oyilo m'makina a shuga ku Nchalo, ndipo iwo atapuma, ntchitoyo inakana kupuma. Chilichonse chonyowa ankachilozetsa kudzuwa, mutu uli chopendeka, diso limodzi atatsinzina. Pakaoneka mitundu ya utawaleza, ndiye kuti mafuta apyapyala. Pakangonyezimira, achindikala.

Ine Otilia ndinatopa nawo. Mwana wawo Augustino, mwamuna wanga, anali atathawira kwa mkazi wina ku Bangula, achibale ake akunong'ona zoti ndibwerere kwathu, ndiye wina azindiyezeranso ndiwo?

"Mlamba uwu mwauthira mafuta, kapena mwangouonetsa botolo?"

"Ndathira, bambo."

"Nkhabe, ayi ndithu! Khungu la mlamba wowamba n'lokhakhala, mafuta amabisala m'timaenje. Dikirani ndiutembenuze."

Ankautembenuza mpaka ntchentche kutopa nazo.

Ana akadzola, ankawaimika pamzere kuwaunika miyendo. Tsiku lina ayufi, anyamata a chipani, anawapeza atagona chafufumimba pamsewu wopita kumsika, akusuzumira dizilo wotayikira paphula.

"Madala, khadi la chipani!"

"Lili m'thumba lakumbuyo, tulutsani nokha. Koma sunthani, mukunditchingira dzuwa."

Anyamatawo analitulutsadi, n'kulibwezeramo.

M'mawa wa tsiku loti akuluakulu a banja agamule za ine, ndinapukuta misozi ndi chitenje n'kuyamba kusinja mapira ngati palibe kanthu. Apongozi anafika, mutu wapendeka kale.

"Tayang'anani kum'mawa, mwananga."

"Ndi thukuta, bambo."

"Thukuta limayambira pamphumi, ndipo limachindikala. Izi n'zopyapyala, zatsata mizere iwiri."

Pa msonkhanowo apongozi sanachulutse gaga m'diwa. "Wothawa ndi mwana wanga. Otilia uyu akachoka, ine ndikunyamula mphasa yanga kumutsata." Nkhani inathera pomwepo.

A Kaitano anamwalira chaka chatha, nthawi yokolola thonje. Augustino sanabwerebe, manong'onong'o aja ayambiranso, ndipo mtima wanga wafooka, katundu wina ndamanga kale. Mudzi uli zii, ana akuyenda otuwa. Dzulo ndinalira pachitsime dzuwa lili paliwombo, amayi ali mbwee. Mmodzi anandiyang'ana kumaso.

"Kwatentha lero, eti Otilia?"

Ndinavomera kuti kwatentha.